Masaya a Lameck

Chaka chomwe a bungwe lina anabwera ndi nkhani ya magulu asanu ndi limodzi a zakudya, mudzi wina wa kumtunda kwa Kande unasankha Idah, amene ankamutchanso NyaManda, kuti akhale mayi wachitsanzo. Tinene zoona, sanalakwitse kusankhako. Idah anafika Fomu 2, Chichewa ankachilankhula ngati wa ku Lilongwe, ndipo akaima pagulu mawu ake ankamveka mpaka kumsewu wa tala. Anamutenga sabata yathunthu kukamuphunzitsa ku boma, nabwerako ndi chitenje cha bungwe, ambulera, ndi buku lalikulu la zithunzi. Kuyambira tsiku limenelo kayendedwe kanasintha. Munthu ankapita ngakhale kumjigo atakhwapatira buku, ngati madzi nawo akufuna maphunziro.

Ntchito yake inali kuzungulira makomo khumi ndi awiri, kuphunzitsa amayi kayamwitsidwe ka makanda ndi kadyetsedwe ka ana. Malipiro panalibe, koma ulemu wake unkamukoma kwabasi. Vuto linali pakamwa, Idah analibe mabuleki. Tsiku lina pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango, pofuna kuti phunziro lilowe bwino, analoza Fanny, mayi wofatsa wa kuseri kwa tchalitchi, amene mwana wake anamwalira chaka chapitacho atatupa thupi lonse.

"Taonani anzathuwa," anatero Idah. "Mwana anapita chifukwa cha phala la kondowole la madzi okhaokha, m'mawa, masana, madzulo. Si ufiti ayi. Ndi umbuli ndi ulesi basi."

Fanny anaweramitsa mutu, n'kumang'amba tsamba la mango pang'onopang'ono mpaka linatha. Komabe sanasiye kubwera kumisonkhano. Ankakhala kumbuyo, pamalo ake omwewo.

Nanga kwa Idah kunali bwanji? Mwamuna wake, Mizeck, anali ku Joni, monga amuna ambiri a kumeneko. Anabwera mwezi wa Julaye kumaliro a bambo ake, anakhala masabata atatu, n'kubwerera. Anasiya jekete, wailesi yosagwira, ndi mimba. Nthawi imeneyo mwana wawo woyamba, Lameck, anali asanakwane chaka, akadali pabere.

Mimba itadziwika, apongozi ake, NyaLongwe, sanachedwe kuthirapo ndemanga. "Mkaka wa munthu wapakati ndi wowola. Umupha mwanayu."

Idah ankadziwa bwinobwino kuti zimenezo si zoona. Tsamba lachisanu ndi chiwiri la buku lake linali ndi chithunzi cha mayi woyembekezera akuyamwitsa. Koma kuyamwitsa mimba ikuoneka, mudzi wonse ukupenya, kunali kulengeza kuti mayi wachitsanzo watumbiza. Manyazi anamugwira. Anapaka tsabola kumawere, Lameck analira masiku anayi, kenako anangoleka. Anasamukira kunyumba ya agogo ake, kumene chakudya cha mwana chinali phala lomwe lija la kondowole, tsiku labwino n'kuthiramo kashuga.

Belita anabadwa mu Epulo, ndipo apa ndiye Idah anamenya nkhondo yeniyeni. Apongozi ankafuna kuti mkaka woyamba wachikasu aufinyire pansi, ati ndi mafinya. Idah anakana. Tsiku lachiwiri apongoziwo anabwera ndi madzi a mizu m'kapu kuti atsuke m'mimba mwa khanda. Idah analanda kapuyo n'kukhuthulira panja iwo akuona. Anakhala sabata osalankhulana, koma Belita sanalawe dontho la madzi kapena phala. Bere lokha, mwakathithi, monga buku linanenera. Ndipo kamwanako kanakula mosiririka, khungu see, timiyendo tolimba. Idah ankakabereka kulikonse kokaphunzitsa, n'kumakaonetsa kwa amayi. Belita anasanduka buku lachiwiri.

Tisamunamizire Idah kuti Lameck sankamukonda. Ankamukonda ndithu. Kungoti mphamvu zake zonse zinathera pa khanda ndi pa makomo a eni. Lameck ankatsala pamkeka pakhonde la agogo, agogowo ali kudambo kovuula chinangwa choviika. Mu Juni mwera unayamba, mabwato anakokeredwa kumtunda, ndipo usipa wochepa womwe unkatuluka unkalandidwa ndi amalonda a mabeseni a ku Mzuzu ndi ophika a m'maloji usanafike ndi pamchenga pomwe. Khomo lopanda mwamuna panyanja linkangomva fungo. Nsinjiro, soya ndi mazira zinkaoneka tsiku lophunzitsa kuphika lokha, galimoto ya bungwe ikabweretsa, ndipo miphika yake inkapalidwa ndi ana makumi atatu. Chigwada chinalipo, koma mwana ankachilavula, ndipo panalibe wokhala naye pansi n'kumunyengerera. Idah ankabwera miyendo itatopa n'kufunsa, "Wadya mwanayu?" Apongozi ankati, "Wadya." Nkhani inkathera pomwepo.

Kenako Lameck anatsegula m'mimba kwa masabata awiri. Anaonda mpaka nthiti kumawerengeka. Idah mtima unamupweteka, komabe sikelo ya mwezi umenewo sanapite naye dala. Akanaima bwanji pamzere ndi mwana wotere, pamaso pa amayi omwe iye ankawakalipira?

Ndiye mu Julaye zinthu zinaoneka ngati zasintha. Mwana uja anayamba kudzaza. Anayamba mapazi, kenako miyendo, kenako masaya anatuluka, ozungulira, onyezimira. NyaLongwe anachita kuvina pakhonde. "Waona? Kondowole yomwe umainyozayo. Ana anga onse anakulira yomweyi."

Tsiku la sikelo Idah anapita naye monyadira. Bambo Patson, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza, anali ndi amayi oposa makumi asanu pamzere, sikelo imodzi yopachika mumtengo, cholembera chovutavuta. Anamukoleka Lameck, anayang'ana muvi, analemba kadontho pakhadi. Mzere unakwera.

"Eee, mayi wachitsanzo ndithu!" anatero Patson. "Ena atengerepo phunziro. Wotsatira!"

Loweruka lina m'mawa, Idah akuyanika chinangwa pathandala, Fanny anatulukira. Anaima chapatali, manja kumbuyo.

"Timuwoneni, NyaManda," anapereka moni Fanny.

"Yewu."

"Ndabwera ndi mawu ochepa. Musandimve molakwika." Fanny anayang'ana pakhonde, pomwe Lameck anakhala phee, ntchentche ikumuyenda pamlomo iye osaiingitsa. "Masaya awa ine ndinawaonapo. Wanga anayamba chonchi, ndipo nafenso tinasangalala. Amaseka mwanayu? Amasewera? Tamuonani tsitsi momwe lafiirira."

"Ndi dzuwa limenelo. Ana onse a kuno tsitsi lawo ndi lotero."

"Tangomudinani phazi ndi chala, ama. Chala chokha."

Idah anaponya chinangwa pansi. "Inu mundiphunzitse ine? Anapita ku maphunziro ndani pakati pa ine ndi inu? Sikelo yanena kuti wakwera, a Patson anena, ndiye inu mwabwera ndi maso anu ansanje. Wanu anapita, ndiye mukufuna wa aliyense apite?"

Mawu amenewo ndi oipa, ndipo Idah anadziwa kuipa kwake akutuluka m'kamwa. Fanny anangoti, "Pepani," n'kutembenuka.

Atapita, Idah anagwada pamkeka paja. Anatenga phazi la Lameck m'manja. Linali lozizira, lolemera, khungu litakokeka ngati chikwama chodzaza madzi. Anaika chala chachikulu pamwamba pake. Sanadine. Tsamba lakhumi ndi chisanu ndi chinayi la buku lake linali ndi chithunzi cha chala ndi phazi, ndipo panali patatha mwezi akulidumpha tsambalo pophunzitsa, osadzifunsa chifukwa chake. Mantha anamugwira. Koma Lachisanu likudzalo kunkabwera alendo akuluakulu a bungwe, ochokera ku Lilongwe ndi kunja, kudzaona mudzi wachitsanzo ndi mayi wake wachitsanzo. Mwana akagonekedwa kuchipinda cha ana onyentchera sabata imeneyo, ndani akaime kutsogolo? Ndipo amayi akanena chiyani kumjigo?

"Masiku asanu ndi limodzi okha," anadziuza. "Alendo akangopita, ndinyamuka naye."

Anachotsa chala chija. Lolemba anatsikira pa Kande, pa kaunjika, n'kugula kachipewa ka ubweya ndi timasokosi tofiira.

Lachisanu magalimoto atatu oyera anafika dzuwa lili pamutu, anthu atadikira kuyambira m'mawa. Amayi anaimba, anavina, anachita sewero la apongozi ovuta lomwe linaseketsa ngakhale NyaLongwe. Patebulo anayala mbale zisanu ndi imodzi: mazira, nyemba, papaya, masamba, mafuta m'kabotolo, mbatata. Zonsezo zinabwera dzulo lake ndi galimoto. Ana a m'mudzi anazungulira tebulolo maso ali tong'o, mayi wina atagwira kamtengo kowaopsezera.

Idah analankhula ngati sanalankhulepo. Anatchula magulu onse osayang'ana buku, anasakaniza ndi Chingelezi pomwe pankafunika, anayamwitsa Belita pamaso pa onse kuonetsa kagwiridwe koyenera ka khanda. Alendo anaomba m'manja. Bwana wina wa magalasi akuda anati mayi ngati ameneyu akanakhala m'mudzi uliwonse, dziko likanasintha. Mtima wa Idah unasefukira, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse.

Ndiye mzungu wamkazi wa kamera ananong'oneza womasulira. Ankafuna chithunzi cha mwana wokulirapo, wa thanzi, ali ndi mbale ya phala la magulu onse.

"Alipo!" anatero Patson. "Wa mayi wachitsanzo yemweyu. Taonani masayawo."

Anamutenga Lameck kwa agogo ake, ali ndi chipewa chake ndi masokosi ake, n'kumukhazika pampando. Anamuikira mbale pamiyendo, phala la nsinjiro ndi dzira ndi masamba osinja, lomwe sanalionepo kunyumba kwawo. Idah anamufikitsira supuni pakamwa. Mwana anatembenuzira nkhope kumbali.

"Ndi wamanyazi," anatero Idah, akuseka.

Anamulizira makiyi a galimoto, anamuombera m'manja, womasulira anachita kulira ngati mbuzi. Lameck sanaseke. Anangowayang'ana ndi maso otopa a nkhalamba. Mzungu uja anajambula chomwecho, kambirimbiri, n'kunena kuti zakhala bwino kwambiri. Posakhalitsa zitseko za magalimoto zinatsekedwa, fumbi linabuka, ana anathamangira tebulo lija.

Idah anakhala pansi pamthunzi, Belita kumsana, Lameck pamiyendo. Mpamene Fanny anabwera n'kukhala pafupi naye. Sanapereke moni. Anamuvula Lameck sokosi imodzi, kenako inayo. Sanadine yekha ayi. Anagwira dzanja la Idah, natenga chala chake chachikulu, n'kuchikanikiza paphazi paja, chake chili pamwamba.

"Werengani," anatero. "Inu ndi amene munapita ku maphunziro."

Idah anawerenga chamumtima mpaka katatu, monga buku limanenera. Fanny anachotsa dzanja. Paphazi panatsala dzenje, lozama bwino, ngati lomwe munthu amaboola pambamu ya kondowole kuti atapire msuzi. Anadikira kuti libwerere. Silinabwerere. Phazi linalo chimodzimodzi.

Patson, amene ankapinda zikwangwani chapafupi, anaona. Anagwetsa zonse. "Mayi, bwanji simunanene?"

"Inu bwanji simunaone?" anakuwa Idah, ndipo pomwepo analira kulira komwe kunaimitsa ana odya mazira aja.

Anapeza matola pamsewu. Fanny anakwera nawo popanda womupempha, atalandira Belita. Kuchipatala namwino anamuvula Lameck chipewa chija, tsitsi lina n'kutsalira momwemo. Anayang'ana kuseri kwa mawondo komwe khungu linayamba kusupuka, kenako anayang'ana chitenje cha bungwe chomwe Idah anavala, chokhala ndi zithunzi za mazira ndi nsomba.

"Anayamba liti kutupikana?"

"Mwezi watha."

"Ndiye mumadikira chiyani, mayi?"

Idah anangoyang'ana mapazi a mwana wake. Akanati ndimadikira alendo?

Lameck anamuika kachubu m'mphuno, n'kumamupatsa mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono. Loweruka anaoneka ngati akutsegula maso. Lamulungu thupi linayamba kuzizira, anamufunditsa mabulangete awiri. Lachiwiri m'mawa, Idah akuyamwitsa Belita m'mbali mwa bedi, Lameck anapuma kamodzi mokoka, n'kusiya. Anali asanakwanitse zaka ziwiri. Namwino wina wachikulire, pofuna kumutonthoza, anati matendawa ngovuta, ena amapita ngakhale abwere msanga. Koma uja woyamba anali atanena kale pakhonde, Idah akumva, kuti sabata imodzi yokha ikanathandiza.

Anamuika m'manda a kuseri kwa tchalitchi, mizere iwiri kuchokera pa mwana wa Fanny. Mizeck anaimba foni kuchokera ku Joni, nanena mawu amodzi okha, "Iwe wophunzitsa anzako?" n'kudula. NyaLongwe ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti mwanayo anayamwa mkaka wowola masabata oyamba a mimba, n'chifukwa chake. Fanny anatunga madzi, anaphika, anasesa pamaliro masiku onse atatu, ndipo sanatchulepo za umbuli kapena ulesi ngakhale kamodzi. Idah ankalakalaka akanangomutukwana, mwina zikanapepukako.

Buku lija anakalibweza kwa Patson. Chitenje anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi. Kumjigo ankapita m'mamawa anthu asanachuluke.

Koma sikelo ya Belita sakanaithawa, ndipo sanaphonyenso ngakhale mwezi umodzi. Mu Febuluwale, mvula ikugwa, sikelo inachitikira m'kachipinda ka pachipatala chaching'ono. Idah atangolowa, anaima pakhomo. Pakhoma, pamwamba pa benchi, panali chithunzi chachikulu chatsopano, chonyezimira. Kachipewa ka ubweya. Timasokosi tofiira. Mbale ya phala pamiyendo. Masaya aja. Pansi pake analemba zilembo zikuluzikulu kuti mwana wodya magulu onse asanu ndi limodzi amakula ndi thanzi.

Anapita kwa Patson. "Chotsani chija."

Patson sanathe kumuyang'ana kumaso. "Mayi, a bungwe ndinawauza. Ndinalemba ndi kalata yomwe. Anati zinasindikizidwa kale zambirimbiri, zagawidwa boma lonse. Akabwera amayendera ngati zili pakhoma. Ndikachotsa ndiyankha chiyani?"

Malo pabenchi anatsala amodzi, pansi penipeni pa chithunzicho. Idah anakhala pomwepo, n'kumuika Belita kubere. Pafupi naye panali kamtsikana kachilendo, kokwatiwa kumene kuchokera ku Tukombo, kali ndi mwana wa chaka chimodzi, wowonderako, wosakhazikika, amene ankalimbana ndi ndolo za amayi ake. Kamtsikanako kanakhala kakuyang'ana pakhoma nthawi yaitali.

"Koma ana ena amadya bwino," kanatero mousa moyo. "Wangayu ndimayesetsa, koma masaya ngati awo, ayi. Apongozi amandinena tsiku ndi tsiku."

Mayi wina wa kutsogolo, wosaganiza, anatembenuka. "Amake ndi omwe mwakhala nawowo."

Amayi a m'mudzi anagwetsa nkhope. Kamtsikana kaja sikanaone. Kanasendera pafupi, maso akuwala.

"Zoona, ama? Ndi wanu? Ndiuzeniko, munkamupatsa chiyani kuti afike potero? Pano ndiye wakula bwanji!"

Magulu onse asanu ndi limodzi anali pa lilime la Idah, mwadongosolo lake, monga ankawatchulira pansi pa mtengo wa mango. Sanatchule ngakhale limodzi. Anatambasula dzanja, nagwira phazi la mwana wa mtsikanayo, phazi lafumbi, lofunda, lomenyamenya. Anadina ndi chala chachikulu, nawerenga mokweza mpaka katatu, n'kuchotsa. Mnofu unabwerera nthawi yomweyo, mwana n'kuseka poganiza kuti akumugirigisha.

"Wanuyu ali bwino," anatero Idah. "Muzimudina chonchi sabata iliyonse, ndipo mukaona dzenje musadikire munthu. Wanga wa masayayo ali kuseri kwa tchalitchi."

Patson anaitana dzina la Belita. Idah anaimirira, namuvula mwana masokosi asanafike pasikelo.